Ntchito 14, mabwana awiri, sabata imodzi: munthu ayambire iti?

Nambewe:
Anzanga, tithandizane nzeru pa nkhani iyi chifukwa imabwerabwera. Munthu walowa mu ofesi Lolemba m'mawa, ntchito zomudikira zilipo 14. Mabwana ake ndi awiri ndipo aliyense akuti yake ndi yachangu. Maimelo akulowa, foni ikulira, gulu la WhatsApp la ku ofesi silikupuma. Malangizo akuti "yamba ndi zofunika" tonse tinawamva kale, koma sathandiza munthu amene zonse 14 akuziona zofunika. Ndikufuna zogwirika: ola loyamba achite chiyani, nanga mwini ntchito imene yatsalira amuuze bwanji?

aPhiri:
Ola loyamba asakhudze ntchito iliyonse mwa 14 zija. Atenge pepala kapena atsegule Excel, azilembe zonse, iliyonse pa mzere wake, ndipo pambali pake pakhale madanga anayi: anaipempha ndani, ikufunika tsiku liti, itenga maola angati, ikachedwa chichitike n'chiyani. Danga lomalizali ndi limene anthu amalidumpha, chonsecho ndi limene limasiyanitsa ntchito. Ina ikachedwa kampani ilipira chindapusa, ina ikachedwa anthu 6 akhala manja lende kudikira inu, ina ikachedwa palibe amene azindikire mpaka mwezi wamawa. Zitatuzi sizingafanane ngakhale onse anazibweretsa akunena kuti "mwachangu".

Kalembedwe kakenso kali ndi ntchito. Musalembe kuti "bajeti". Mawu amenewo salozera chochita, n'chifukwa chake amagona pa mndandanda masabata atatu. Lembani chinthu choyamba chimene manja angachite: "kupempha mitengo kwa ogulitsa atatu", "kutumiza ziwerengero za mwezi watha kwa akauntanti". Ntchito yoposa maola 4 iduleni m'zigawo mpaka chigawo chilichonse chikwane m'mawa umodzi.

Danga la tsiku likakhala lopanda kanthu, pitani mukafunse. Nthawi zambiri "mwachangu" ukamufunsa tsiku amati Lachisanu.

Nachisale:
Ndikuvomereza aPhiri, koma ndionjezere chimodzi chimene chiyenera kubwera musanasanje n'komwe. Pa 14 zija fufuzani zimene zikudikira dzanja la munthu wina: siginecha ya bwana, yankho la kasitomala, ziwerengero za dipatimenti ina, malipiro. Zimenezo zitulutseni mu mphindi 30 zoyamba, ngakhale zitaoneka zazing'ono. Chifukwa chake n'chakuti nthawi yodikira imayenda yokha inu mukugwira zina. Fomu yofuna masiku atatu kuti isainidwe, mukaitumiza Lolemba ibwera Lachinayi. Mukaitumiza Lachitatu chifukwa munatanganidwa ndi lipoti lalikulu, yadutsa sabata, pomwe ntchito yanu pa iyo inali ya mphindi 10 zokha.

Mukhalenso ndi mndandanda wachiwiri wa zimene mukudikira: chinthu chake, chili kwa ndani, munatumiza liti, mudzakumbutsa liti. Ntchito zambiri sizifera m'manja mwanu, zimafera pa desiki ya wina inu mukuganiza kuti zikuyenda.

aMwale:
Nanga bwanji madanga anayi a Eisenhower aja? Sitingomuuza munthuyo agwiritse amenewo?

aPhiri:
Amathandiza, koma ali ndi malire ake. Kwa amene sanawaonepo: mumajambula mtanda pa pepala, kupeza madanga anayi. Zofunika komanso zachangu, chitani lero. Zofunika koma zosafulumira, zipatseni tsiku ndi ola pa kalendala. Zachangu koma zosafunika kwenikweni kwa inu, patsani wina kapena zichepetseni. Zotsalazo zisiyeni. Dzinalo linachokera kwa Dwight Eisenhower, pulezidenti wa America kuyambira 1953 mpaka 1961, amene mu 1954 analankhulapo za kusiyana kwa mavuto achangu ndi ofunika. Madanga enieniwo anawatchukitsa Stephen Covey mu 1989.

Vuto lake ndi limene mayi Nambewe anena kale. Munthu wopanikizika amaponya ntchito 10 mwa 14 m'danga loyamba, ndiye wabwerera pomwe anayambira. Njirayi siikuuzani kuti pa 10 zija iyambe iti. Ndiponso danga lachitatu limaganiza kuti muli ndi wina womupatsa ntchito. Kalaliki amene ali pansi pa onse apatsa ndani?

Nankhoma:
Apa m'pofunika masamu pang'ono, osati ovuta ayi. Tiyerekeze kuti mwasefa, zatsala zinayi zosathawika:

Kotesheni ya kasitomala, tsiku limodzi, ikufunika Lachiwiri.
Kuwerenga katundu wa mu sitolo, tsiku limodzi, Lachitatu.
Lipoti la mwezi, masiku atatu, Lachinayi.
Kukonza mafayilo a odita, tsiku limodzi, Lachisanu.

Phatikizani: masiku 6. Sabata ili ndi 5. Musanayambe chilichonse mwadziwa kale kuti imodzi ichedwa basi, kaya mudzuke 4 koloko. Funso latsala n'lakuti ichedwe iti.

Mukatsata masiku omalizira monga momwe alili, kotesheni Lolemba, katundu Lachiwiri, lipoti Lachitatu mpaka Lachisanu, mafayilo Lolemba linalo. Zachedwa ziwiri, iliyonse ndi tsiku limodzi. Njira yotsata tsiku loyandikira imeneyi ubwino wake ndi wakuti palibe ntchito imene imachedwa kwambiri, koma ikhoza kuchedwetsa zingapo.

Ngati cholinga chanu n'chakuti zochedwa zichepe chiwerengero, pali lamulo lodziwika ndi dzina la Moore ndi Hodgson, la mu 1968. Sanjani potsata masiku omalizira, yendani nazo imodziimodzi, mukangofika pa imene ichedwe, chotsani yaitali kwambiri mwa zimene mwadutsa kale kuphatikizapo iyoyo, muiike kumapeto. Apa yaitali ndi lipoti. Ndiye kotesheni Lolemba, katundu Lachiwiri, mafayilo Lachitatu, lipoti Lachinayi, Lachisanu ndi Lolemba. Yachedwa imodzi yokha, ndi masiku awiri a ntchito.

Nachisale:
Achemwali, masamuwo ali bwino koma akhoza kumuchotsetsa munthu ntchito. Lipoti la mwezi limapita kwa akuluakulu, si lochedwetsa chifukwa choti ndi lalitali. Taonani njira iyi: kotesheni Lolemba, lipoti Lachiwiri mpaka Lachinayi, mafayilo Lachisanu, katundu Lolemba linalo. Yochedwa ndi imodzinso, koma tsopano ndi kuwerenga katundu, kumene mwina kungadikire masiku atatu popanda wovulala.

Nankhoma:
Zoona, ndipo ndi pomwe danga la aPhiri lakuti "ikachedwa chichitike n'chiyani" limagwira ntchito. Lamulo lija limaona ntchito zonse ngati zolemera mofanana. Phindu lake lenileni n'lakuti pofika 9 koloko Lolemba muli ndi njira ziwiri kapena zitatu zolembedwa, iliyonse ndi mtengo wake, zoti mukaonetse bwana. Simukupita kukadandaula kuti ntchito yachuluka, mukupita ndi chosankha.

Nambewe:
Ndi pamenepa pamene ambiri amagwa mphwayi. Kukauza bwana kuti ntchito yake ichedwa kumaoneka ngati mwano. Mawu ake akhale otani?

aBanda:
Mawu akuti "sindingathe" kapena "ndatanganidwa" asatuluke. Nenani zinthu zitatu: chimene muli nacho m'manja, nthawi imene chatsopanocho chitenge, ndi chimene chisunthe. Mwachitsanzo: "Bwana, pakadali pano ndili pa lipoti la mwezi lofunika Lachinayi. Iyi mwandipatsayi itenga tsiku lathunthu. Ndikaiyamba lero, lipoti lituluka Lachisanu. Mungakonde nditsogoze iti?" Mwamulemekeza, simunakane, ndipo chisankho chabwerera kwa mwini mphamvu. Akayankha pakamwa, tumizani imelo ya mizere iwiri yobwereza zimene mwagwirizana. Sikuti mukumutchera msampha; anthu otanganidwa amaiwala zimene ananena Lolemba likafika Lachinayi.

Nthawi yonenera ndi yofunika kuposa mawu. Mukanena Lolemba, bwana ali ndi mpata wosuntha tsiku, kukupatsani wothandiza kapena kuchepetsa ntchitoyo. Mukanena Lachinayi 4 koloko madzulo, mwangomubweretsera vuto lopanda mankhwala, ndipo mkwiyo wake ndi woyenera.

Pa za mabwana awiri, akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Musadziike kukhala woweruza pakati pawo, chifukwa amene mwamuika pambuyo adzati mwakondera. Imelo imodzi kwa onse awiri, ntchito ziwirizo, maola ake, masiku ake, ndi funso limodzi: iyambe iti? Onjezani mzere wakuti mukapanda kumva kanthu pofika masana muyamba ndi yakutiyakuti chifukwa tsiku lake layandikira. Mukapanda kuika mzere umenewu mudzadikira yankho tsiku lonse osagwira iliyonse.

aMwale:
Nanga bwana amene yankho lake nthawi zonse ndi "zonse ndi zofunika, ingochitani"?

aBanda:
Ameneyo musamufunse funso lotseguka. Mupatseni dongosolo lopangidwa kale: "Ndiyamba ndi iyi, kenako iyi, yachitatu ituluka Lolemba. Mukafuna ndisinthe mundiuze." Anthu otere savutika kukonza chinthu cholembedwa, chimene safuna ndi kuganiza kuchokera pa chiyambi. Mungafunsenso kukula kwa chimene akufuna. Kawirikawiri wopempha "lipoti" akungofuna ziwerengero zisanu za mu msonkhano wa mawa, zimene zingatuluke mu ola limodzi m'malo mwa masiku atatu.

aKwenda:
Zonsezi zatsamira pa danga limodzi limene palibe amene walikayikira: "itenga maola angati". Nambala imeneyo nthawi zambiri imakhala yabodza, ndipo si chifukwa cha ulesi. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba za chizolowezi chimenechi mu 1979: anthu amayerekeza nthawi yochepa pa ntchito zawo ngakhale akudziwa kuti zofanana nazo zinawatengera nthawi yaitali m'mbuyomu. Poyerekeza timaona ntchito ikuyenda bwinobwino, sitiwerengera fayilo yosowa, kompyuta yofuna kuzima kaye, ziwerengero zosagwirizana, kapena bwana kubweza kuti mukonzenso.

Mankhwala ake ndi kuyeza. Kwa masabata awiri, ntchito iliyonse muzilemba nambala ziwiri: imene munaganiza musanayambe ndi imene yatengadi. Kumapeto gawani yachiwiri ndi yoyamba. Ngati munaganiza maola 20 koma zatenga 30, nambala yanu ndi 1.5. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene mutu wanu wanena muzichulukitsa ndi 1.5 musanalonjeze munthu. Chitani izi pa mtundu uliwonse wa ntchito paokha, chifukwa munthu akhoza kuyerekeza bwino makalata koma n'kumaphonya kwambiri pa malipoti.

Chachiwiri, tsiku la maola 8 si maola 8 a ntchito za pa mndandanda. Chotsanipo misonkhano, mafoni, anthu obwera pa desiki. Konzani maola 5, mwina 6 pa tsiku labwino, otsalawo muwasiye opanda kanthu dala. Izi zili ndi masamu ake a mizere yodikira. Pamene ntchito zimabwera mosayembekezereka, munthu amene nthawi yake yadzaza theka, chinthu chatsopano chimadikira pafupifupi nthawi ya ntchito imodzi. Akadzaza 80 pa 100 chimadikira nthawi ya ntchito zinayi, akafika 90 pa 100 ndi zisanu ndi zinayi. Kalendala yodzaza thothotho imaoneka yakhama, koma kanthu kamodzi kakangolowa mwadzidzidzi sabata yonse yagwa.

Nachisale:
Koma aKwenda, mukapereka nthawi yambiri ntchito imafufuma kudzaza nthawiyo. Cyril Northcote Parkinson analemba zimenezi m'magazini ya The Economist mu 1955, ndipo mpaka lero zikuoneka mu ofesi iliyonse.

aKwenda:
N'chifukwa chake masiku azikhala awiri. Limene mwalonjeza mwini ntchito likhale ndi mpata uja. Limene mwadziikira nokha pa kalendala likhale lothina. Mpatawo musaumwaze pa ntchito iliyonse, usonkhanitseni malo amodzi, mwachitsanzo Lachinayi masana, kuti ukhale wa chilichonse chimene chasefukira. Mukaugawa pang'onopang'ono umadyeka osadziwa.

Nankhoma:
Ndibwerere ku 14 zija, chifukwa pali chinthu china chimene chimadya nthawi mobisika: kuyamba zambiri nthawi imodzi. Tengani ntchito zitatu, iliyonse ya masiku awiri. Mukazigwira motsatana, yoyamba ituluka tsiku lachiwiri, yachiwiri lachinayi, yachitatu lachisanu ndi chimodzi. Mukamasinthasintha, ola apa ola apo kuti aliyense aone kuti yake ikuyenda, zonse zitatu zituluka cha kumapeto kwa masiku 6. Palibe amene wapindula, ndipo awiri aluza. Apa sitinawerengere n'komwe nthawi yotayika pokumbukira pomwe munasiyira. Sophie Leroy anasonyeza mu 2009 kuti munthu akachoka pa ntchito yosatha, mbali ya maganizo ake imatsalira komweko ndipo yotsatirayo saigwira bwino.

Njira yothandiza ndi ya kanban, imene inachokera ku mafakitale a Toyota. Madanga atatu pa khoma ndi timapepala tomata, kapena pa pulogalamu ya Trello ngati mumakonda za pa kompyuta: zodikira, zimene ndikugwira, zatha. Chinsinsi chake chili pa malire a danga lapakati. Lembani nambala pamwamba pake, 2 kapena 3, ndipo kapepala katsopano kasalowe kena kasanatuluke. Popanda malirewo mwangokongoletsa khoma.

Zimene zikudikira wina, monga ananenera mayi Nachisale, zikhale ndi danga lakelake, apo ayi zitseka lapakatilo inu n'kukhala osagwira kanthu.

aMwale:
Pomodoro mumaiona bwanji? Achinyamata ambiri akuitamanda.

aPhiri:
Ndi ya Francesco Cirillo, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: mphindi 25 pa ntchito imodzi, kupuma 5, mukazungulira kanayi mupume 15 mpaka 30. Ndi yabwino pa ntchito imene mukuizengereza, chifukwa mphindi 25 palibe amene angaziope, komanso pa ntchito zobwerezabwereza monga kulowetsa ziwerengero. Pa ntchito yofuna kuganiza mozama belu limakudulani pomwe mutu wangoyamba kutentha. Pamenepo yesani mphindi 50 ndi kupuma 10, kapena 90 zathunthu. Koma tisasokoneze zinthu. Pomodoro imakuthandizani kukhala pa ntchito, siikuuzani ngati ntchitoyo ndi yoyenera. Mukhoza kuzungulira bwinobwino kasanu ndi katatu pa chinthu chimene sichikufunika kwa aliyense.

Nambewe:
Tsono maimelo ndi WhatsApp? Dongosolo lonse limafera pamenepo.

aBanda:
Zimitsani mabelu onse, pa foni ndi pa kompyuta. Maimelo muzitsegula pa nthawi zoikika, tinene 10:00, 13:30 ndi 16:00, mphindi 20 kapena 30 ulendo uliwonse. M'mawa mukhoza kungosuzumira mphindi zisanu kuona ngati pali moto, koma osayamba kuyankha, chifukwa maola awiri oyamba ndi a ntchito yolemera ija. Imelo iliyonse mukaitsegula ithere pomwepo m'njira imodzi mwa zinayi: kuifuta, kuiyankha ngati sizipitirira mphindi ziwiri, kuitumiza kwa woyenera, kapena kuilemba pa mndandanda ndi tsiku lake. Kuiwerenga n'kuisiya kuti mudzaonanso ndiko kugwira ntchito imodzi katatu.

Lamulo la mphindi ziwiri limenelo, la David Allen, lili ndi mbuna yake. Tinthu 30 ta mphindi ziwiri ndi ola lathunthu. Muziligwiritsa ntchito pa nthawi ya maimelo yokha, osati paliponse pamene kanthu kalira.

Izi sizingayende anzanu asakudziwa. Gwirizanani njira imodzi ya zadzidzidzi zenizeni, monga kuimba foni, ndipo imeneyo muziyankha nthawi zonse. Bwana akadziwa kuti akaimba akupezani, sadandaula kuti imelo yagona maola awiri.

Nachisale:
Tinenenso kuti si ntchito zonse zimalola zimenezi. Wolandira alendo, wothandiza makasitomala pa foni, namwino, kwa iwo kusokonezedwa ndiyo ntchito yeniyeniyo. Kumeneko munthu payekha sangadzitsekere. Ndi woyang'anira amene ayenera kukonza kasinthana, mmodzi akhale kutsogolo maola awiri pamene mnzake akumaliza zolemba, kenako asinthane.

aKwenda:
Misonkhano isaiwalike. Anthu 8 kwa ola limodzi ndi maola 8, tsiku lathunthu la munthu mmodzi. Oitana msonkhano sawerengera choncho. Mukaitanidwa funsani kuti chigamulidwe n'chiyani ndipo inu mukufunika pa mfundo iti. Ngati ndi imodzi, pemphani ikhale yoyamba mutuluke. Outlook ndi Google Calendar zonse zili ndi posankha kuti misonkhano izifupikako yokha, ya ola ikhale ya mphindi 50, kuti mupeze mpata wolemba zimene mwapatsidwa musanalowe wina. Ntchito zotuluka mu msonkhano zimasowa chifukwa palibe analemba dzina ndi tsiku pambali pake.

aMwale:
Pa zopatsa wina ntchito, kwa amene ali ndi womupatsa: zimabwerera zosakonzeka, mapeto ake mumachita nokha kawiri.

aBanda:
Zimabwerera chifukwa zinapita ndi mawu atatu okha. Nenani chimene chikufunika, chikatha chizioneka bwanji, tsiku ndi ola lake, ndi zimene angagamule yekha osafunsa. Ngati pali chitsanzo cha ntchito yakale yonga iyo mupatseni. Kenako ikani nthawi yoonana koyambirira, akachita gawo limodzi mwa asanu, osati tsiku lomaliza. Akakhota pamenepo mwataya ola. Mukadikira kumapeto mwataya masiku. Ulendo woyamba kuphunzitsa kumatenga nthawi yoposa kuchita nokha, choncho perekani ntchito zobwera sabata iliyonse, osati ya kamodzi pa chaka.

Nambewe:
Chatsala ndi ichi. Pa 14 zija tasankha zinayi. Khumi zotsalazo zitani? Zikangokhala pa mndandanda zimalemera m'mutu.

aPhiri:
Lachisanu masana patulani mphindi 30. Dutsani mndandanda wonse ndi wa zodikira uja, kumbutsani oyenera kukumbutsidwa, onani kalendala ya masabata awiri akubwera, sankhani zitatu zazikulu za sabata yamawa ndipo muzipatse maola ake pa kalendala, osati pa mndandanda pokha. Tsiku lililonse musanaweruke, mphindi 10: lembani chimene mudzayambe nacho mawa, fayilo yake muisiye pamwamba.

Za khumi zija, iliyonse ilandire chimodzi mwa zitatu: tsiku lenileni, munthu wina, kapena kutsekedwa. Imene yasunthidwa masabata anayi otsatana musaisunthenso kachisanu. Lemberani mwini wake: "Ntchito ija ikufunikabe? Ngati inde, ndingaiyambe pa 20 mwezi uno. Ngati ayi, ndiitseke." Ena adzayankha kuti anaipeza kale njira ina, ena adzakupatsani tsiku.

aMwale:
Akapanda kuyankha?

aPhiri:
Kumbutsani kamodzi pakatha masiku atatu, mutchule tsiku limene muichotse pa mndandanda. Likafika ichotseni, koma imeloyo muisunge mu foda yake kuti akadzafunsa mudzaonetse pomwe nkhani inaimira.